Chisankho Lachisanu, njinga Lolemba: zokambirana za Amalawi okhala ku Dublin

LACHITATU, 22 OKUTOBALA 2025

Ankolo a ku Blanch: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi ziwiri zokha ndikagone. Lolemba likudzali ndi tchuthi, ndiye inu munkati tikayende pa njinga kuzizira kusanafike poipa, nthawi yake ndi imeneyi. Chachiwiri, Lachisanu kuli chisankho cha pulezidenti. Amene muli ndi unzika wa kuno ndipo muli m'kaundula, musadzati munaiwala. Amatsegula 7 koloko m'mawa, kutseka 10 koloko usiku. Wa shifiti ina iliyonse mpata aupeza.

Kabaza: Ankolo, pa za njinga ndilembeni nambala wani. Za mavotizo ife a Stamp 2, chilolezo cha obwera kudzaphunzira, ndi oonerera chabe.

Yamie: Koma Ankolo ine chaka chatha mu Juni ndinavota ndithu. Nanga bwanji ulendo uno kakhadi kouza malo okavotera sikanandipeze? Mnzanga wa m'nyumba muno kake kanafika kale.

Ankolo a ku Blanch: Mwanawe, chija chinali cha makhansala. Chimenecho aliyense wokhala m'dziko muno amavota, kaya ndi wa sukulu, kaya ndi wopempha chitetezo, bola wakwana zaka 18 ndipo analembetsa. Cha aphungu a ku Dáil, nyumba ya malamulo ya kuno, amavota nzika za Ireland ndi za Britain zokhala kuno. Cha pulezidenti ndi referendamu ndi nzika za Ireland basi. Iwe udzavotanso mu 2029, ukadzakhala udakali kuno.

Yamie: 2029! Pofika pamenepo ndidzakhala ndili pabanja ku Area 47.

Che Mjomba: Utiuziretu tsiku, pa perekaniperekani tidzakuponyera ma euro.

Nambewe: Kanga kafika abale, ndipo mtima uli m'mwamba. Unzika ndalandira chaka chomwechino. Kwathu timangochonga m'kabokosi koyang'anana ndi nkhope ya munthu, kupinda, kuponya, basi. Kuno akuti ndi manambala. Ndilangizeni ndisakachite manyazi pagulu.

Mai a Tadala: Asisi musaope, n'zosavuta. Pitani ku sukulu yomwe yalembedwa pa kakhadipo, mutenge pasipoti kapena laisensi chifukwa nthawi zina amafunsa. A pa tebulo akupatsani pepala atalidinda. M'kachipindamo mupeza pensulo. Amene mtima wanu uli pa iye mulembe 1, wotsatira 2, winayo 3. Mukafuna kulekera pa 1 palibe mlandu. Chachikulu musalembepo mawu ena, ndipo foni ikhale m'chikwama, osajambula pepala.

Nambewe: Pensulo?! Ife amene tinaona za Tippex mu 2019 atipatse pensulo?

Che Mjomba: Asisi afunsa za nzeru. Chofufutira chimakhala m'thumba mwa yani?

Ankolo a ku Blanch: Mukafuna tengani cholembera chanu, sakaniza. Pensulo amaikonda poti inki imafalikira pepala likanyowa kapena polipinda. Koma chimene chimateteza voti kuno si cholembera ayi. Ikakwana 10 koloko mabokosi amawamata n'kupita nawo kumalo owerengera, apolisi n'kumalondera usiku wonse. M'mawa mwake 9 koloko amawatsegula anthu akuona, mapepala n'kumatambasula limodzilimodzi. Anthu a zipani amatsamira pa kampanda, maso tong'o, kumalemba chilichonse chimene diso laona. Pofika masana amakhala adziwa kale wopambana, akuluakulu asanalengeze. Makina ovotera anagulapo, ndalama zoposa €50 miliyoni zinalowa m'madzi, anthu sanawakhulupirire, ndipo mu 2012 anawagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Nachisale wa ku Area 25: Ndikuwerenga zanuzi ndili pakhonde, magetsi azima, m'nyumba simukugoneka ndi kutentha. Inu mukuti mukavota pochokera ku ntchito. Ife pa 16 Seputembala tinalawirira kusanache, ena anakasiya miyala pamzere kuti iwasungire malo. Dzuwa linatiwamba mpaka tinakafika pa tebulo. Mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu, la khansala, ndipo la pulezidenti lokha anthu 17. Agogo ena patsogolo panga ankalitembenuza uku ndi uku kufunafuna munthu wawo. Inki pachala inachita kutha ndi chikhadabo chomwe. Kenako kudikira mpaka pa 24 kuti MEC ilengeze. Koma anthu anapita, pa olembetsa anayi alionse atatu anavota. Inu kumeneko tikuonerani Loweruka.

Che Mjomba: Inu bola munavota a Nachisale. Ife tinachezera pa foni usiku wonse kumvera wailesi pa intaneti. Feteleza titumize ndife, fizi ndife, maliro ndife, koma posankha woyendetsa dziko akuti bwerani mudzaime pamzere kumudzi. Kalembera anali chaka chatha, kuvota chaka chino. Maulendo awiri a ndege chifukwa cha voti imodzi, angathe ndani?

Mai a Tadala: Eni dziko linonso n'chimodzimodzi achimwene. Mwana wa kuno amene ali ku Sydney kapena ku Boston savota Lachisanuli. Ngakhale wa ku Belfast, pachilumba chomwechino, pasipoti ya Ireland ili m'thumba, savota.

Che Mjomba: Ndiye ndinene poyera. Unzika ndili nawo, dzina lili m'kaundula, koma ine ndikukaononga pepala. Chisankho chanji cha anthu awiri? Catherine Connolly ndi Heather Humphreys, basi. Wachitatuyo, Jim Gavin, anasiya mpikisano kumayambiriro kwa mwezi, nkhope yokha ndiyo yatsala pa pepala. Ena ofuna kuima anawatsekera pakhomo, poti pamafunika aphungu ndi maseneta 20 akusainire, apo ayi makhonsolo anayi. Maria Steen anapeza 18, kuperewera awiri okha. Zipani zatisankhira kale, ife tikukatani kumeneko?

Kabaza: Ya Gavin ija inandikhudza ine wa lendi. Munthu amene ankakhala m'nyumba yake analipira mopitirira ndi €3,300, zaka n'kudutsa osabwezeredwa, mpaka nkhani inachita kuphulika pa kampeni. Kwathu nkhani yotere ingagwetse munthu? Anthu akanangoti zazing'ono izo, tiyeni nazoni.

Ankolo a ku Blanch: Che Mjomba, pepala ndi lanu, palibe angakugwireni dzanja. N'zoona kuti boma amayendetsa ndi Taoiseach, ndiye kuti nduna yaikulu, a Micheál Martin, ndi nduna zawo. Pulezidenti sakonza bajeti, salemba anthu ntchito. Koma lamulo lililonse limadutsa pa tebulo pake kuti asaine, ndipo akalikayikira atha kulitumiza ku Supreme Court kuti alione ngati silikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuposa pamenepo ndi pakamwa pake. A Michael D. Higgins akhala zaka 14, ndipo akalankhula za kusowa kwa nyumba boma limachita kuyabwidwa. Mwaona nokha za dzulo usiku ku hotela ya Citywest, kumene amasungako opempha chitetezo, galimoto ya apolisi kuyatsidwa moto, anthu kukuwiza alendo ali m'kati ndi ana. Masiku otere ine ndimafuna kudziwa kuti amene akukhala m'nyumba ya ku Phoenix Park ija amalankhula bwanji za anthu onga ife. Ndipo akalowa ndi zaka 7. Unzika munaudikira zaka 5, munalipira €175 ya fomu ndi €950 ya satifiketi. Zonsezo kuti mukajambule chidole pa pepala?

Che Mjomba: Ndamva Ankolo. Koma kuononga pepala nakonso ndi kulankhula. Wokhala pakhomo ndiye sawerengedwa.

Mai a Tadala: Pa za Citywest zo, amene mumakwera Luas yofiira, sitima ya m'misewu ya m'tauni ija, kulowera ku Saggart chonde muzifunsana kaye musananyamuke usiku. Anyamata musapite kukaonerera.

LACHINAYI, 23 OKUTOBALA

Kabaza: Ndale tazimva, tsopano za njinga. Maganizo anga ndi awa. Tikumane ku Fairview, tigwire msewu wa njinga wa m'mbali mwa nyanja ku Clontarf, tiwoloke mlatho wa matabwa tikaone Bull Island, kenako Sutton mpaka Howth. Makilomita ngati 15, popanda chitunda mpaka padoko. Atsekwe aja ochokera ku Canada afika kale, madzi akaphwa amangoti mbwee m'matope. Ku Howth tikadye nsomba ndi tchipisi, otopa abwerere pa sitima ya DART.

Mai a Tadala: Iwe Kabaza, ukuiwala kuti enafe tili ndi ana. Mphepo ya ku Clontarf mwezi uno ndi yoti Tadala n'kupalasa? Popita imakukankha bwinobwino, pobwerera umachita kulira. Ine ndikuti Phoenix Park. Masamba afiira, ena achita chikasu, ana akathamangethamange, ndipo msewu waukulu uja wa Chesterfield Avenue uli ndi mbali yake ya njinga.

Yamie: Ine ndili mbali ya Anti. Ndikufuna zithunzi za masamba ndiwatumizire amayi. Iwo anditumizira za jakaranda wa ku Blantyre, msewu wonse wachita bii ndi maluwa, ndiye ndibweze.

Nachisale wa ku Area 25: Uwauzenso kuti mango ayamba kuoneka pamsika. Inu muzidya masamba anuwo.

Che Mjomba: A Nachisale mwayamba chipongwe.

Ankolo a ku Blanch: Tigwirizane Phoenix Park. Achinyamata amene magazi akuwira mudzapite ku Howth tsiku lina. 11 koloko pa geti ya Parkgate Street, kufupi ndi siteshoni ya Heuston. Opanda njinga pomwepo pali obwereketsa.

Yamie: Nanga njinga zobwereka za m'tauni za dublinbikes zija sizingatheke?

Kabaza: Zija ndi zodumphira apa ndi apo m'tauni. Mphindi 30 zoyamba ndi zaulere, ukapitirira imayamba kudya ndalama, ndiye tsiku lonse m'paki ungalire. N'zolemeranso. Ndili ndi ina yakale kuseli kwa nyumba, ndikuthira mafuta tcheni, ubwereke imeneyo. Koma uyipalase kuchokera ku Phibsborough, mu Luas salola njinga pokhapokha ikhale yopinda.

Nambewe: Ine ndinaphunzirira pa njinga yakuda ya abambo anga ku Mponela, yonyamulira matumba a fodya. Chishalo sindinkachifikira, ndiye ndinkalowetsa mwendo pansi pa mtanda n'kumapalasa cham'mbali, thupi lonse lili kunja kwa njinga. Chifikireni kuno sindinayerekeze. Mabasi aataliwa akamadutsa pafupi ndimachita kunjenjemera ndili pansi, nanji ndili pa njinga.

Kabaza: Asisi, amene anapalasa cham'mbali pa msewu wa fumbi palibe chingamuvute m'paki. Koma poti ambiri mubwera kudzera m'tauni, ndinene zimene ndimaona tsiku ndi tsiku. Mwezi uno chogwetsa anthu ndi masamba. Akagwa n'kunyowa amaunjikana m'mphepete mwa msewu, momwe ife timadutsamo, ndipo pansi pake simudziwa kuti pali dzenje kapena chivundikiro cha chitsulo. Pa masamba osagwira buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi, osakhota mothamanga. China ndi njanji za Luas. Mpata wake ndi wokwana tayala ndendende, likalowamo silituluka, mumangozindikira muli pansi. Muzidula njanji mopingasa, osati kuyenda nayo limodzi. Pa College Green ndi pa O'Connell Street ndaonapo anthu ovala masuti atagwa chagada, laputopu uko, nsapato uko. Ndipo lole kapena basi ikaima pa maloboti, musadzipanikize kumanzere kwake. Ikamakhota woyendetsa sakuonani.

Mai a Tadala: Unenenso za magetsi. Ndimakumana ndi ana athu usiku, khungu lakuda, jekete yakuda, njinga yakuda, m'kamvula. Ndikamayendetsa galimoto ndimachita kupemphera.

Kabaza: Eya Anti. Loyera kutsogolo, lofiira kumbuyo, ndi lamulo. Apolisi akakugwira wopanda ndi €40. Ndipo kuyambira Lamulungu 5 koloko kuzikhala kutada. Majekete owala aja a RSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, amagawa ulere, palibe chifukwa choyendera mumdima.

Che Mjomba: Ndi loko. Yanga anaba kunja kwa shopu masana dzuwa likuswa mtengo, ndinangopeza kachingwe kali lende pa chitsulo.

Kabaza: Maloko a chingwe aja ndi ongokongoletsa, amadula kamodzi. Gulani wa chitsulo chokhota, mumange thupi la njinga ku chitsulo chozikika pansi, osati tayala lokha. Mutembenuzenso njinga mujambule nambala yomwe ili pansi pa mapedulo. Ndipo munthu akakutsatsani njinga yatsopano pa €50 m'kanjira, dziwani kuti mwini wake akulira kwinakwake.

Ankolo a ku Blanch: Amene muli pa ntchito yokhazikika funsani abwana anu za Cycle to Work. Kampani imakugulirani njinga, loko, magetsi ndi chipewa mpaka €1,250, ya batire mpaka €1,500, inu n'kumabweza pang'onopang'ono pa malipiro msonkho usanadulidwe. Kamodzi pa zaka 4. Si abwana onse amavomera, koma kufunsa sikulipiritsa.

Nambewe: Ankolo, akuti m'pakimo muli nyama?

Ankolo a ku Blanch: Nswala, mazanamazana, zakhalamo kuyambira zaka za m'ma 1660. Koma mwezi uno ndi wokwerana, zamphongo zimalusa. Muzimva zikubuma, nyanga zikuwombana kuti khwa khwa. Lamulo lake ndi kutalikira mamita 50 ndipo osazipatsa chakudya. Yamie ukumva? Chithunzi ujambulire patali.

Yamie: Ankolo mwandiyamba dala.

LACHISANU, 24 OKUTOBALA

Mai a Tadala: Ine ndavota kale. Sukulu ya Tadala ndi malo ovotera, ndiye lero atseka, sabata yamawa yonse ali pa holide. Ndinapita naye. Anafuna kuponya yekha pepala m'bokosi, mayi wa pa tebulo anangoseka.

Nambewe: Abale ndavota! Ndatuluka shifiti ya usiku 8 koloko, osapita n'kunyumba komwe, yunifolomu ili m'thupi. Kunja kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa, chiperoni cha ku Thyolo chenicheni. Ndafika pa sukulupo ndikuyembekeza mzere, ndapeza zii. Kagalu kokha kali pa geti kudikira mbuye wake. M'holo muli timatebulo ta ana, zojambula za maungu a Halloween zili m'makoma, anthu awiri pa tebulo ndi fulasiki ya tiyi. Bambo wake anayesa kutchula dzina langa, lilime linakana, tinaseka tonse. Analidula ndi rula m'kaundula, n'kudinda pepala, n'kundipatsa. Pensulo yake yomangirira ndi kachingwe. Ndinaima m'kachipindamo nthawi yaitali kuposa imene imafunika, manja akunjenjemera, pamene mayina ndi atatu okha. Ndaponya. Potuluka ndinaima pakhomo kudikira kuti wina andipake inki. Palibe. Bamboyo anangondiuza kuti ndiyende bwino, ndisamale mvula.

Nachisale wa ku Area 25: Ndiye mukatsimikiza bwanji kuti mwavota, chala chili mbee?

Nambewe: Inenso zikundisowetsa mtendere. Ndimafuna chojambula nditumize kumudzi, ndangojambula chikwangwani cha pa geti.

Ankolo a ku Blanch: Mwachita bwino mayi. Mwalemba manambala onse?

Nambewe: 1 ndi 2 basi. Wosiya mpikisano uja ndamusiya momwemo.

Yamie: Anti Nambewe mwavotera ndani, tiuzeni.

Nambewe: Mwana iwe, voti ndi chinsinsi.

Kabaza: Ine chondisangalatsa n'choti zithunzi za pa mapolo zichoke. Zina amazimangirira m'munsi, mphepo ikazitembenuza zimatchinga pokhota. Timapulasitiki tomangira tija timatsalira pa polo, tosongoka, pa msinkhu wa diso la munthu wa pa njinga.

Mai a Tadala: Ali ndi masiku 7 kuti achotse, kupitirira apo ndi €150 chithunzi chimodzi. Kwathu nsalu ndi mbendera za 2019 zina zidakali m'mitengo.

Ankolo a ku Blanch: Che Mjomba muli chete. Kwatsala maola awiri.

Che Mjomba: Ndili pa basi Ankolo. Ndikupita. Zokalembazo ndi za ine ndi Mulungu wanga.

LOWERUKA, 25 OKUTOBALA

Kabaza: Ankolo munanena zoona. Sinakwane n'komwe 12 koloko, a pa kampanda aja anena kale kuti Connolly watenga.

Ankolo a ku Blanch: Alengeza ku Dublin Castle. Connolly 63 peresenti, mavoti oposa 914,000. Humphreys 29. Gavin, amene sankapikisana n'komwe, 7. Sipanafunikenso kuwerenga manambala achiwiri. Alumbira pa 11 Novembala, akhala pulezidenti wa nambala 10, mayi wachitatu pambuyo pa Mary Robinson ndi Mary McAleese.

Che Mjomba: Mwadumpha nambala imodzi Ankolo. Mapepala oonongeka 213,000 ndi kanthu. Pafupifupi 13 pa 100 alionse. Sizinaonekepo m'dziko muno. Mukuti amenewo sanalankhule?

Mai a Tadala: Alankhula, koma mwaona zimene ena alemba pa mapepalawo? Zithunzi zikuyenda pa intaneti. Ena alemba dzina la Maria Steen, chabwino. Koma ena alemba zotukwana alendo, zoti tizipita kwathu. Vuto la pepala loonongeka ndi limenelo achimwene, lanu lodandaula za malamulo a kaimidwe ndi la munthu wodana nanu amaziponya mulu umodzi. Mawa wina aima pa wailesi n'kunena kuti onse 213,000 ndi ake.

Che Mjomba: Pamenepo mwalasa, Mai a Tadala. Koma ngati zipani sizifuna mulu umenewo, zitsegule chitseko. Munthu 18 wapeza, ukamukaniza chifukwa cha awiri, ukuyembekeza kuti omutsatira akaombe m'manja?

Ankolo a ku Blanch: Zoti njira yoimira ndi yopapatiza ndikuvomera, ndipo ngakhale andale ena ayamba kunena zomwezo lero. Kuisintha kwake n'kwa referendamu, poti zili m'malamulo aakulu. Tsiku limenelo mudzavote, osadzajambulanso.

Che Mjomba: Ndani wakuuzani kuti ndajambula?

Nachisale wa ku Area 25: Ine ndimadikira nambala ya anthu amene anapita.

Ankolo a ku Blanch: 46 pa 100, kuperewera pang'ono.

Nachisale wa ku Area 25: Hee! Popanda mzere, popanda dzuwa, mpaka 10 koloko usiku, theka osakwana? Ife 76. Takuposani.

Nambewe: Kwathu voti ndi mtengo wa chimanga, ndi mzere wa petulo, ndi shuga. Munthu umapita ndi mkwiyo wa m'mimba. A Mutharika 56.8, a Chakwera 33, imeneyo inali nkhani ya m'thumba. Kuno anzanga a ku ntchito ena amati aiwala, wina amati pulezidenti sangamutsitsire lendi ndiye avutikirenji. Ndinasowa chomuyankha, chifukwa lendi yake ndikuidziwa.

Yamie: Chimene chandidabwitsa ine n'choti Humphreys wayamikira mnzake masana omwe, zotsatira zisanatuluke.

Nachisale wa ku Area 25: A Chakwera nawonso anavomera MEC isanalengeze, musatichepetse. Pa 4 Okutobala tinalumbiritsa ku Kamuzu Stadium mwamtendere.

Kabaza: Mfundo yofunika mwaisiya nonse. Mayi Connolly ameneyu ku Galway amadziwika ndi kuyenda pa njinga. A njinga talowa m'boma.

LAMULUNGU, 26 OKUTOBALA

Nambewe: Amene anayambitsa zobweza wotchi sanagwirepo shifiti ya usiku. Yakwana 2 koloko, ndayang'ananso foni, 1 koloko. Maola 13 m'malo mwa 12, ndipo agogo onse amene ndimawasamalira adzuka pa nthawi yawo yakale kufuna tiyi.

Mai a Tadala: Muonetsetse kuti ola limenelo alilemba pa malipiro asisi. Ndipo nonse oimba kumudzi, tsopano tikusiyana maola awiri, osati limodzi. Mukaimba 8 koloko usiku kumeneko ndi 10, amayi agona.

Che Mjomba: Opita ku tchalitchi m'tauni nyamukani msanga, lero ndi Dublin Marathon, misewu yambiri atseka ndipo mabasi akuzungulira. Ine ndaima m'mbali mwa msewu kuonerera. Makilomita 42, munthu osathamangitsidwa ndi chilichonse.

Kabaza: Adutsanso m'paki mwathu muja, koma pofika mawa akhala atachotsa zotchinga. Popani matayala usiku uno. Mpope ndibweretsa koma si wa gulu lonse.

Mai a Tadala: Mandasi ndikazinga ine. Wina abweretse tiyi wa mkaka m'fulasiki yaikulu. Magolovesi a ana musaiwale, zala zimauma pa handulo.

LOLEMBA, 27 OKUTOBALA

Yamie: Ndafika kunyumba, miyendo si yanga. Zithunzi ndikutumiza ndikasamba. Anti Nambewe ndinu akatswiri, munatisiya tonse pa Chesterfield.

Nambewe: Mwendo sunaiwale. Poyamba handulo imagwedera, koma titangodutsa pa Wellington Monument thupi linakumbuka lokha. Chokoma n'choti ulendo uno ndinakhala pa chishalo.

Mai a Tadala: Tadala sakusiya kukamba za nswala. Tinaziona kuseli kwa mtanda waukulu uja, pa bwalo la Fifteen Acres. Yamphongo imodzi, khosi lotupa, nyanga zotambalala, ikuzungulira zazikazi uku ikubuma mawu okhuthala. Ina inayandikira, zinayenda limodzi mbali ndi mbali kanthawi ndithu zikuyezana, kenako zinatembenukirana n'kulumikiza nyanga. Phokoso lake timalimva tili patali. Mlendo wina anapita pafupi ndi karoti m'manja, woyang'anira paki anachita kumuthamangira.

Ankolo a ku Blanch: Mtanda umenewo anauimika pobwera Papa John Paul II mu 1979, anthu oposa miliyoni imodzi anasonkhana pabwalo pomwepo. Papa yemweyo anafika kwathu mu 1989. Enanu munali musanabadwe.

Che Mjomba: Ine chimene ndatolapo ndi nyali ija munationetsa pa windo la Áras, nyumba ya pulezidenti. Ankolo akuti Mary Robinson ndiye anayamba kuiyatsa mu 1990, kukumbukira ana a dziko lino amene ali kunja. Nyali amawayatsira, voti amawamana. Bola iwo, ife ngakhale kandulo.

Nachisale wa ku Area 25: Kandulo tikuyatsira tokha kuno, magetsi sanabwerebe.

Yamie: Nyumbayo ndinajambula patali. Pakhala pulezidenti wa dziko, mpanda wake waufupi, anthu akudutsa ndi agalu. Ndawatumizira abambo, akuti ndikunama.

Kabaza: Iwe Yamie, tayala lakumbuyo lija laphwanso? Chigamba ndinamata mothamanga, manja atauma.

Yamie: Lafika, koma lafewa. Kuyambira pa North Circular Road ndimamva chitsulo chikugunda pansi.

Kabaza: Usaikwerenso, ungaphe limu. Ndidzasintha chubu Lachitatu.

Mai a Tadala: Lachisanu ndi Halloween. Amene ndinu atsopano, gulaniko maswiti, ana a m'dera azigogoda kuyambira kukangoda. Zophulika ziziphulika usiku wonse, musaganize kuti ndi za Citywest zija. Ndipo mukagula buledi uja wa barmbrack tafunani mosamala, m'kati amaikamo mphete.

Yamie: Mphete? Anti mundigulire awiri.

Ankolo a ku Blanch: Zikomo nonse amene munabwera. Amene simunalembetse m'kaundula, kaya muli ndi Stamp yanji, lowani pa checktheregister.ie mulembetse panopa, musadikire chisankho china chifike pakhomo. A ku Howth, panganani tsiku mutiuze.

Kabaza: Loweruka likudzali, mphepo ikalola. Koma kaye amene wapita ndi mpope wanga wofiira abweze. Mawa ndili ndi shifiti ya 6 koloko ndipo ndikukayikira munthu mmodzi.

Che Mjomba: Uli m'chikwama mwanga mphwanga. Udzautenge ku Tallaght, ubwere ndi mandasi otsala aja.